Wakuba Mayunitsi Adali Kukhitchini

Nthawi ikangokwana 9 koloko usiku, mayi wina wa ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre, ankadzuka pampando n'kuyamba kuyendera nyumba yake chipinda ndi chipinda, kuzimitsa magetsi. Ankayambira pakhonde, n'kubwera pabalaza, n'kukathera kuchipinda cha mwana wake wamkazi, yemwe m'chaka chimenecho cha 2024 adali Fomu 4. Akafika pakhomo pa chipindacho sankachulutsa mawu. "Zakwana, mwana wanga, uwerenga mawa kukacha," ankatero dzanja lili kale paswichi. Mtsikanayo ankatseka buku osayankha, n'kugona maso ali gwa mumdima, akubwereza chamumtima zimene amawerengazo kuti zisamuthawe.

Mayiyu sadali wouma mtima. Ndi mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo palibe amene angamuuze kufunika kwa sukulu. Koma bambo wa anawo adatsikira kulichete zaka zinayi m'mbuyomo, n'kumusiyira ana atatu ndi nyumba ya lendi. Pakhomopo padalinso mayi ake omubereka, omwe adakawatenga kumudzi ku Neno miyendo itayamba kuwavuta. Anthu asanu onsewa ankayang'ana malipiro amodzi ndi tindalama ta mafirizesi amene mayiyu ankagulitsa kusukulu. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya ufa, sopo, mafuta ophikira ndi makala idakwera ngati yachita kupangana.

Pakhoma la pabalaza padali kabokosi ka mita, ya mtundu uja wogula mayunitsi usadayambe kugwiritsa ntchito magetsi. Malipiro akatuluka, mayiyu ankagula mayunitsi pafoni n'kulowetsa manambala 20 aja mosamala, akulakalaka kuti ulendo uno afike nawo kumapeto a mwezi. Koma sankafika. Pa 18 kapena pa 20 mita inkayamba kulira, ndipo ndalama yowonjezerera inkachotsedwa pa ndiwo, pena inkakhala ngongole ya kubanki m'khonde. Mwezi wina idachotsedwa pa fizi ya teremu yachitatu.

Munthu akapanikizika amafuna woti amuloze chala, ndipo chala chimathamangira chimene maso akuona. Nyali imaoneka. Woima panja usiku amaona zenera limene likuwala, ndipo amadziwa amene ali m'chipindacho. Zinthu zina zimene zimadya magetsi zimagwira ntchito m'bandakucha, aliyense ali piringupiringu kukonzekera ulendo, ndipo palibe amaziyang'ana kawiri. Choncho m'nyumba ya mphunzitsiyu mlandu udagwera babu la kuchipinda cha mtsikana uja, ndipo popeza babu silikalipiridwa, udagwera mwini chipinda.

Usiku wina mu Meyi, kuzizira kutayamba, mtsikanayo adadikira kuti amayi ake agone n'kuyatsanso nyali, pakuti mayeso a MSCE adali pafupi. Tsoka ilo, mayunitsi adathera usiku womwewo. Mita idalira, furiji idakhala chete, ndipo mayiyo potuluka adapeza mwana ali chikhalire patebulo, buku lili chitsegulire. "Ndiwe ukutimalizira mayunitsi m'nyumba muno," adakalipa. "Kodi ukuyesa ndalama ndimachita kutola pamsewu?" Mtsikanayo adagwetsa nkhope. Azilongo ake awiri adamva zonse, ndipo m'mawa mwake wamng'onoyo adamutcha mlongo wake dzina lakuti wakuba mayunitsi.

Loweruka lotsatira, mayiyo akuchapa kuseri kwa nyumba, mtsikanayo adabwera ndi kope lake la Fizikisi n'kugwada pambali. "Amayi, ndimati mundilole ndikuonetseni kanthu kena kamene tinaphunzira. Mukapeza kuti wolakwa ndine, ndisiya ndekha kuwerenga usiku."

Chimene adafotokoza n'chapafupi, ngakhale kuti nyumba zambiri sizichidziwa. Chipangizo chilichonse chamagetsi chimalembedwa nambala yotsatana ndi chilembo cha W, pansi pake kapena kumbuyo. Nambala imeneyo ndi mawati, ndipo imasonyeza kukula kwa m'mero wa chipangizocho. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 atagwira ntchito kwa ola limodzi. Pofuna kudziwa mayunitsi amene chipangizo chameza, munthu amachulukitsa mawati ndi maola amene chayaka, n'kugawa ndi 1,000. Mita siyang'ana kuti chayaka ndi chiyani kapena wayatsa ndani. Imangowerenga mawati ndi nthawi.

Awiriwo adayenda nyumba yonse akutembenuza zinthu. Babu la mlandu lija, lakale lagalasi lotentha, lidali la mawati 60. Likayaka maola anayi usiku uliwonse, yuniti imodzi inkakwana masiku anayi, ndipo pamwezi linkadya mayunitsi 7 okha. Atafika kukhitchini adatembenuza kambaula kamagetsi, ka waya wopotana kaja, n'kupeza kuti ndi ka mawati 1,000, kutanthauza yuniti yathunthu pa ola lililonse. Lachiwiri ndi Lachisanu pakambaulapo pankakhala nyemba kwa maola atatu. Mphika umodzi wa nyemba unkalingana ndi masiku 12 a kuwerenga kwa mwana. Nsimbi idali ya mawati 1,200, ndipo inkayatsidwa theka la ola m'mawa uliwonse wa sukulu, aliyense akusita yunifolomu yake payekha. Koma mbava yaikulu idali madzi osamba. Chimphika chake chinkakhala pakambaulapo maola awiri tsiku lililonse, kuyambira tambala woyamba, ndipo pamwezi ankakwana mayunitsi 60. Madzi osamba a masiku anayi okha ankaposa nyali ya mwezi wathunthu.

Mayiyo sadafulumire kukhulupirira masamu a pakope. Mtsikanayo adamutengera pamita n'kumuonetsa kanyali kofiira kamene kamaphethira magetsi akamayenda. Adazula furiji, n'kusiya babu lake lokha likuyaka. Kanyaliko kankaphethira mwa apo ndi apo, munthu mpaka kutopa kudikira. Atangoyatsa kambaula kaja, kadayamba kuphethira pafupipafupi osapuma. Mayiyo adaima pamenepo nthawi yaitali, manja ali ndi thovu la sopo. Kwa zaka zambiri adakhala akuphunzitsa ana a eni kuchulukitsa ndi kugawa, koma sadaganizepo zochita masamu amenewo m'khitchini mwake. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo iye phula lake adadyetsa mwana wosalakwa.

Phunziro la tsiku limenelo ndi lakuti m'nyumba chimene chimadya ndalama ndi kutenthetsa zinthu: kuphika, kuwiritsa madzi ndi kusita. Kuunika, kumvera wailesi ndi kutchaja foni zimangonyambita. Banja limene likulimbana ndi nyali n'kusiya mphika uli chiwirire lili ngati mlimi wopirikitsa mpheta pamene anyani akukolola kumunsi kwa munda.

Ganizo loyamba la mayiyo lidali loponya kambaulako pamwamba pa kabati n'kubwerera kumakala kotheratu. Ndi njira imene ambiri amatsata. Kalembera wa anthu wa mu 2018 adapeza kuti nyumba zoposa 9 mwa 10 zilizonse m'Malawi zimaphikira nkhuni kapena makala, ndipo m'tauni ngakhale nyumba zokhala ndi magetsi zimasunga mbaula pakhonde. Koma mtsikanayo adapempha kuti makala nawonso alowe m'kope. Pakhomopo makala ankagulidwa a m'tijumbo, kamodzi madzulo alionse ophikira nsima, ndipo chifukwa ndalama yake inkatuluka pang'onopang'ono, sinkamveka kupweteka. Ataonkhetsa ya masiku 30, mayiyo adagwira pakamwa. Makala ankawadyera ndalama yosasiyana kwenikweni ndi ya mita, kungoti makalawo sankalira.

Apa ndi pamene agogo, omwe nthawi yonseyi ankangomvetsera ali pamphasa, adalowererapo. "Mwana wanga, makala ukuwatamawo ndikudziwa kumene akuchokera. Kwathu kuja tsanya ndi mombo zatha. Mchimwene wako masiku ano akuyenda mtunda wautali kuti apeze mtengo woti aotche." Mawuwa adali olemera, chifukwa mwana wawo wamwamunayo amalera ana ake ndi ndalama ya makala, ndipo mayi wa ku Chilomoni sakadatha kumuweruza pomwe wogula adali iye mwini. Uvuni wa dothi umene ootcha makala amagwiritsa ntchito umawononga nkhuni zambiri: thumba limodzi la makala limadya mitengo yolemera kuwirikiza kasanu, pena kuposerapo. Lamulo la nkhalango la 1997, limene lidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo, komabe matumba sasiya kudutsa pa Zalewa kulowera ku Blantyre, chifukwa m'tauni miphika siyisiya kuwira.

Mitengo ya ku Neno ndi mita ya ku Chilomoni ndi zolumikizana kuposa mmene zimaonekera. Magetsi ambiri a dziko la Malawi amapukusidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo Nkula ndi Tedzani zili kumalire a Neno komweko. Mapiri akayera, mvula imakokolola dothi n'kukalitaya mumtsinje. Matope amadzaza madamu, zinyalala ndi namasupuni zimatseka polowera madzi, ndipo makina amapereka mphamvu yochepa. Mayiyo sadaiwale chaka cha 2022, pamene namondwe wa Ana adagumula mbali ina ya damu la Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, omwe adali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi onse, mpaka makinawo adayambiranso mu 2023. M'miyezi imeneyo magetsi ankathimathima, aliyense adathamangira makala, ndipo mtengo wake udakwera. Anthu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe adaona zofanana mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi a ku Kariba. Magetsi akavuta anthu amathawira kumakala, makala amayeretsa mapiri, ndipo mapiri oyera amatsamwitsa mtsinje umene umapereka magetsiwo.

Choncho banjali lidaona kuti kuthawa moto wina n'kupita ku wina sikuthandiza. Chofunika chidali kuphika chakudya chomwecho ndi moto wochepa, kaya wa mita kaya wa makala. Ndipo pamenepa kope la Fizikisi lidagonjera nzeru za agogo.

"Nyemba salimbana nazo ndi moto," adatero. "Zinyikeni m'madzi usiku wonse, mawa zidzakhala zitagonja kale." Nyemba zonyika zimamwa madzi n'kufewa, ndipo nthawi yophika imachepa kwambiri. Adawaphunzitsanso kuti mphika usamakhale wosavundikira, pakuti nthunzi imene ikuthawayo ndi moto umene wagulidwa ndi ndalama. Kenako adaitanitsa dengu lakale, n'kuliyalira nsanza ndi bulangete lothaitha. Nyemba zikawira bwinobwino kwa mphindi 20, mphikawo ankauphula uli wovundikira, n'kuukhazika m'dengumo, n'kuufunditsa mbali zonse ndi pamwamba. Kutentha kukasowa kothawira kumapitiriza kuphika kokha. Mayiyo ankasiya dengulo m'mawa popita kusukulu, ndipo pobwera masana ankapeza nyemba zapsa, zikadali zotentha. Nzeru yomweyi ndi imene ili m'chikwama chophikira chotchedwa Wonderbag, chimene Sarah Collins adayambitsa ku South Africa mu 2008, dzikolo likuvutika ndi kuthimathima kwa magetsi. Ku Chilomoni sikudafunike kugula kanthu. Maola atatu a pakambaula adasanduka theka la ola.

Za madzi osamba zidavuta pang'ono. Adapeza zigubu ziwiri zakuda za malita 20, n'kumazidzaza m'mawa ndi kuziika padzuwa kuseri kwa nyumba. Chinthu chakuda chimamwa kutentha kwa dzuwa, ndipo pofika 3 koloko masana madziwo ankakhala ofunda. Anawo adasintha n'kumasamba pochokera kusukulu, m'mawa n'kumangosukusula. Madzi otenthetsa pamoto adatsala a agogo okha, chifukwa cha miyendo yawo. Kusita kudasamukira Lamlungu madzulo, zovala za mlungu wonse nthawi imodzi, ndipo nsimbi ankaizula zitatsala zopyapyala kuti kutentha kotsalako kumalize ntchito.

Furiji ya mafirizesi adaiyesa ndi pepala. Adalitsekera pachitseko n'kulikoka, ndipo lidasololoka mosavuta, kusonyeza kuti labala wa pachitsekocho adatha ndipo kuzizira kunkathawira pamenepo. Adasinthitsa labalayo, n'kuikankha furijiyo kuti italikireko khoma, n'kusiya chizolowezi cholowetsamo mafirizesi asadazizire. Mbaula yamalata yobookabooka ija adaisiya, n'kugula yomatidwa dothi m'kati, ya mtundu umene udayambira ku Kenya m'zaka za m'ma 1980. Dothilo limasunga kutentha, ndipo makala ochepa amaphika nsima yomweyo. Akamaliza kuphika, makala otsala ankawazimitsa n'kuwasungira mawa. Kwa mlamu wake ku Neno, yemwe amaphikira nkhuni pamafuwa, adatumiza uthenga woti afunefune Chitetezo Mbaula, mbaula youmba ndi dothi imene magulu a amayi amapanga m'maboma ambiri ndipo imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu.

Pomalizira penipeni adafika pababu lija. Adagula la LED la mawati 9, limene limawala ngati lakale la mawati 60. Mtsikanayo adawerengera n'kupeza kuti maola anayi usiku uliwonse kwa mwezi wathunthu akungodya yuniti imodzi ndi kachidutswa.

Si zonse zidayenda bwino. Tsiku loyamba la dengu nyemba zidatuluka zolimba, chifukwa mayiyo adaziphula zisadawire mokwanira, ndipo banja lidadya usiku kwambiri, anyamata aja akuseka. Mu Juni chiperoni chikagwa, dzuwa osaoneka masiku atatu, madzi a m'zigubu ankakhala ozizira ngati a pachitsime, ndipo kambaula kankayakanso. Usiku wina wozizira kwambiri agogo adapempha kuti awalowetsere mbaula ya makala kuchipinda kuti agone akuotha. Apa mdzukulu wawo adakana mwaulemu koma molimba. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wosaoneka ndiponso wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo. M'malo mwake adawathirira madzi otentha m'botolo, n'kulikulunga m'chitenje, n'kuwaikira kumapazi.

Padabweranso chiyeso. Mnyamata wina wodziwa za mawaya, atamva kuti mphunzitsiyu akulimbana ndi mayunitsi, adamunong'oneza kuti angathe kuigoneka mitayo kuti izingoona magetsi akudutsa osawerenga. Mayiyo sadakane pomwepo, ndipo usiku umenewo tulo sadatione. Ngongole ya kubanki m'khonde idali isadathe. Koma adaganizira za mlandu umene ukadamugwera zitadziwika, za mawaya olumikiza mobisa amene amayatsa nyumba anthu ali m'tulo, ndiponso za mwana amene adamunena kuti ndi wakuba ali wosalakwa. Sakadatha kukhala wakuba weniweni m'nyumba yomweyo. M'mawa mwake adamubweza mnyamatayo.

Mwezi wa Juni, mayunitsi a ndalama yomwe ija adafika pa 29. Tijumbo ta makala nato tidachepa. Sikuti banjali lidalemera. Kusamala kwa pakhomo sikutsitsa mtengo wa yuniti, sikukweza malipiro, ndipo sikudzala mitengo ku Neno. Ndiponso mavuto a mita ndi a anthu ochepa: kalembera wa 2018 uja adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo ana a mchimwene wake kumudzi amawerengera tochi. Koma ndalama imene inkapita kukagula mayunitsi owonjezera idayamba kubweza ngongole, ndipo ndiwo sizidadumphenso tsiku. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chimene chidasintha kwambiri n'chakuti mayiyo adasiya kuopa mita. Kale inkakhala ngati chilombo chimene chimalira pomwe chafunira. Tsopano ankatha kuyang'ana nambala yotsala n'kudziwa kuti ikwana masiku angati, ndiponso kuti ikatha msanga akafunse kuti.

Kope lija lidakhomeredwa pamsomali pafupi ndi mita. Mnyamata wamng'ono, yemwe adapeka dzina la wakuba mayunitsi, ndi amene adapatsidwa udindo wolemba nambala ya pamita madzulo alionse, ndipo dzinalo sadalitchulenso.

Chizolowezi chokha ndicho chimachedwa kufa. Kutatsala mlungu umodzi kuti mayeso ayambe, nthawi itakwana 9 koloko, mayiyo adadzuka pampando monga mwa masiku onse. Adazimitsa pakhonde, adazimitsa pabalaza, ndipo miyendo idamufikitsa yokha pakhomo pa chipinda cha mwana wake. Dzanja lidakwera kupita paswichi. Mtsikanayo adamva mapazi, ndipo mosayang'ana n'komwe adayamba kutseka buku. Mayiyo adabweza dzanja lake. Adabwerera kukhitchini, n'kutenthetsa kapu ya tiyi pa makala otsala a nsima, n'kukaikhazika patebulo pambali pa kope.

Kholo silizolowera kupepesa kwa mwana, ndipo mawu amenewo sadatuluke. Adangoima pang'ono kumbuyo kwa mpando, n'kumukonzera mwanayo chitenje chimene adafunda paphewa.

"Werenga, mwana wanga," adatero. "Ukamaliza uzimitse wekha."